Oyilo wothira m'paipi ya strut posintha insert: ntchito yake, muyezo wake, ndi pamene safunika

Pali nkhani imene amakanika samvana, ndipo mungaimve pa galaja iliyonse yokonza magalimoto akale, kaya pa Mangochi Boma, ku Monkey Bay kapena ku Namwera. Galimoto yabwera kudzasinthitsa mashoko akutsogolo, ndipo mashoko ake ndi aja olowetsa m'paipi, amene pa shopu amawatcha ma insert. Mkulu wa pa galajapo amatenga kabotolo ka oyilo n'kuthira pang'ono m'paipimo asanalowetse insert yatsopano. Mnyamata amene waphunzira ntchito posachedwa amati, “Bambo, zimenezo n'zakale, shokoyi yabwera kale ndi oyilo wake m'kati.” Mwini galimoto waima pambali, ndalama watulutsa ndi iyeyo, koma sakudziwa womumvera.

Onse awiri ali ndi mfundo, koma aliyense wagwira mbali imodzi. Oyilo ameneyu ali ndi ntchito yeniyeni, kungoti si ntchito imene anthu ambiri amaiganizira. Salowa m'kati mwa shoko, salimbitsa shoko, ndipo sachiritsa shoko yotha. Amakhala kunja kwa insert, m'kampata kakang'ono pakati pa insert ndi paipi, ndipo ntchito yake ndi kutulutsa kutentha komanso kuletsa dzimbiri. Pali ma insert ena amene amamufuna, pali ena amene opanga ake amaletsa kuthiramo chilichonse. Kuti munthu adziwe chochita pa galimoto yake, ayenera kumvetsa kaye zimene zimachitika m'paipimo galimoto ikamayenda.

Tiyambe ndi strut yeniyeniyo. Pa minibasi ya Hiace kapena pa Hilux, shoko ndi kachitsulo kapadera, ntchito yake n'kuletsa galimoto kudumphadumpha basi, ndipo tayala limagwiridwa ndi zitsulo zina. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri si choncho. Kutsogolo kuli chitsulo chimodzi choimirira chimene chanyamula sipuling'i, m'kati mwake muli shoko, kumunsi chagwira habu ya tayala, kumwamba chamangidwa ku bodi, ndipo chimatembenuka dalaivala akamakhota. Chimenecho ndicho strut. Kapangidwe kameneka kamatchedwa ndi dzina la Earle S. MacPherson, injiniya wa ku America amene anakakonza m'zaka za m'ma 1940, ndipo kanayamba kutchuka pa magalimoto a Ford Consul ndi Zephyr a ku Britain kuyambira mu 1950. Chifukwa strut imagwira ntchito zonsezi pamodzi, paipi yake ndi yokhuthala ndi yolimba, ndipo kale opanga magalimoto sankafuna kuti munthu azitaya paipi yonse chifukwa choti shoko yatha.

N'chifukwa chake ma strut akale amatsegulidwa. Pamwamba pa paipi, pamene pamatulukira shafiti yonyezimira ya shoko, pamakhala nati yaikulu yamazinga, imene amakanika amaitcha gland nut. Ambiri mwa magalimoto amenewa pochoka ku fakitale, paipiyo inali thanki ya oyilo wa shoko: mukamasula natiyo, mumatulutsa shafiti, pisitoni ndi kapaipi kam'kati, zonse zili noninoni, ndipo pansi pa paipi pamatsala oyilo wakuda. Kukonza shoko yotere kunkafuna ma seal atsopano (malabala oletsa oyilo kudontha), oyilo wake weniweni woyezedwa bwino, ndi malo opanda fumbi. Insert inabwera kudzapeputsa ntchitoyi. Ndi shoko yathunthu, yotsekedwa ku fakitale, yokhala ndi oyilo wake, mavalavu ake ndi ma seal ake. Mumachotsa zam'kati zakale zonse, n'kulowetsa insert m'paipi yopanda kanthu, n'kumanga nati. Paipi ija yasiya kukhala thanki, tsopano yangokhala chonyamulira.

Magalimoto otere adakalipo m'misewu yathu, ngakhale akuchepa. Citi Golf, imene Volkswagen inkapanga ku South Africa kuyambira mu 1984 mpaka mu 2009, ndi imodzi. Kabaki ka Nissan 1400, kamene kanapangidwa komweko mpaka mu 2008, ndi kena. Palinso BMW E30, Peugeot 504 ndi ma Corolla akalekale oyendera matayala akumbuyo. Koma Sienta, Vitz, Passo, Probox ndi anzake ochokera ku Japan amene adzaza pa siteji masiku ano, ma strut awo ndi otsekeratu. Pamwamba palibe nati, chitsulo anachipinda n'kuchitseka, ndipo shoko ikatha mumasintha strut yonse. Ngati galimoto yanu ndi ya mtundu umenewu, nkhani yothira oyilo sikukukhudzani, ndipo wina akakuuzani kuti wathiramo oyilo, mufunseni kuti wathirira pati. Kudziwa mtundu wa strut yanu n'kosavuta: kwezani labala wotchinga fumbi amene wakuta shafiti, muone pakamwa pa paipi ngati pali nati yokhala ndi ngodya kapena timipata togwirira sipanala.

Kutentha kumachokera kuti

Sipuling'i ndi imene imanyamula galimoto. Tayala likagunda bampu, sipuling'i imafinyika n'kusunga mphamvu ija, kenako imaibweza. Popanda shoko, galimoto ingamangodumpha mpaka mphamvuyo itatha yokha. Shoko imameza mphamvuyo. M'kati mwake pisitoni imakwera ndi kutsika, n'kumakankha oyilo kuti adutse m'timabowo ting'onoting'ono ndi m'mavalavu. Oyilo amakana kudutsa msanga, ndipo kukana kumeneko ndiko kumaletsa galimoto kudumpha. Mphamvu siingosowa. Yonse imene shoko yameza imasanduka kutentha. Choncho shoko imene ikugwira bwino ntchito imatentha, ndipo msewu ukaipa imatentha kwambiri.

Pa tala wosalala kutenthako n'kochepa. Koma taganizirani galimoto imene yawoloka mlatho wa Bakili Muluzi, yadutsa Malindi, ikulowera ku Makanjira, m'malo aja msewu uli mabampu okhaokha otsatizana, kumbuyo kuli matumba a usipa, m'kati anthu adzaza. Pisitoni ikugwedezeka kangapo pa sekondi iliyonse, kwa maola. Pa ulendo wotere shoko imatentha moti simungaigwire ndi dzanja, ndipo pa ntchito yolemetsa oyilo wam'kati amatha kupitirira madigiri 100. Onjezerani kutentha kwa kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene masana amapitirira madigiri 35, mphepo yomwe ikuwomba pansi pa galimoto ili yotentha kale. Onjezeraninso mabuleki, amene ali pafupi ndi kumunsi kwa strut, ndipo potsika phiri la Chowe kuchokera ku Namwera amatentha koopsa.

Oyilo akatentha amapyapyala, amadutsa m'mavalavu mosavuta, ndipo shoko imafooka. Akapitiriza kutakasidwa amasakanikirana ndi mpweya n'kuchita thovu, ndipo thovu limafinyika, silikana ngati oyilo. Apa ndi pamene dalaivala amamva kuti galimoto imene inanyamuka m'mawa ili yolimba, pofika masana yayamba kuyandama, kutsogolo kukugwada pa buleki, chiwongolero chikupepuka. Ikazizira mphamvu ina imabwerera, koma ma seal a labala amene akhala akupsa mobwerezabwereza amauma, ndipo tsiku lina amayamba kudontha. Mashoko a gasi, okhala ndi nayitulojeni wopanikizidwa m'kati, anapangidwa kuti achepetse thovu limeneli, koma nawonso amafuna kutaya kutentha.

Pa strut yakale ija, imene paipi inali thanki, oyilo wa shoko ankakhudza khoma la paipi mwachindunji. Kutentha kunkachoka mu oyilo, kulowa m'chitsulo, mphepo n'kukutenga. Mukalowetsa insert, mwawonjezera zinthu ziwiri panjira: khoma la insert, ndi kampata kamene kali pakati pa insert ndi paipi. Kampatako n'kakang'ono, mwina milimita imodzi mbali iliyonse, koma muli mpweya wosayenda, ndipo mpweya wosayenda sudutsitsa kutentha bwino. Oyilo amadutsitsa kutentha pafupifupi kasanu kuposa mpweya. Mayi akafuna kuziziritsa msanga phala la mwana, saika kapu m'beseni lopanda kanthu, amathiramo madzi kuti akhudze kapu ndi beseni lomwe. Oyilo wa m'paipi ya strut akuchita zomwezo: akulumikiza khoma la insert ndi khoma la paipi kuti kutentha kupeze podutsa.

Sindikufuna kukokomeza. Galimoto imene imangoyenda pa tala pakati pa Mangochi ndi Liwonde, yosanyamula katundu, mwina mwini wake sadzaona kusiyana kulikonse, ndipo pali magalimoto ambiri amene ayenda zaka ndi ma insert ouma. Insert imakhudzanso paipi pansi ndi pamwamba, choncho kutentha kwina kumatulukira pamenepo. Phindu la oyiloyu limaoneka pamene shoko ikuvutika kwa nthawi yaitali, ndipo kuno kumudzi shoko imavutikadi.

Ntchito yachiwiri, imene kwa ine ndi yaikulu mofanana ndi yoyambayo, ndi ya dzimbiri. Nati yaikulu ija sitseka madzi kotheratu. M'dzinja galimoto imawoloka mitsinje yosefukira ndi zithaphwi, ena amatsukira galimoto m'mphepete mwa nyanja, madzi n'kumalowa pang'onopang'ono m'mbali mwa natiyo. Akalowa alibe potulukira. Amakhala pansi pa paipi miyezi, akudya paipi m'kati ndi insert kunja. Makanika aliyense amene wagwira ntchitoyi nthawi yaitali anakumanapo ndi insert yokanirira, imene dzimbiri laimatirira ku paipi, yofuna nyundo ndi thukuta kuti ituluke, ndipo nthawi zina paipi imawonongeka potero. Kupeza paipi ina ya Nissan 1400 kapena ya Peugeot 504 lero si nkhani yamasewera, mwina mukaisaka mpaka ku Ndirande kapena ku Lilongwe. Oyilo pang'ono amakuta zitsulo ziwirizo, dzimbiri n'kusowa pogwira.

M'mayiko ozizira vuto la madziwa limakula chifukwa amaundana, ndipo madzi akaundana amafufuma, moti amatha kufinya insert kapena kung'amba paipi. Ndicho chifukwa chake malangizo a opanga ena, monga Koni ya ku Netherlands pa ma insert ake ena, amasonyeza kuthira antifreeze, mankhwala aja a mu radiyeta oletsa madzi kuundana, m'malo mwa oyilo. Kuno ku Mangochi madzi saundana m'galimoto, koma pepala likanena antifreeze, tsatirani, chifukwa nayenso amadutsitsa kutentha bwino ndipo ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri.

Pano ndiyenera kulekanitsa nkhaniyi ndi ina imene anthu amaisokoneza nayo. Pali amene amaboola shoko yotha, n'kuthiramo oyilo wokhuthala, mwina kupoperamo mpweya, n'kutseka bowolo ndi kabawuti kapena kuwotcherera, kenako n'kuigulitsa ngati yokonzedwa. Mukaikankha ndi manja imalimba, mtima n'kukhala pansi. Koma shoko ija inatha chifukwa seal inadyeka, shafiti inakalika kapena mavalavu anatopa, ndipo oyilo watsopano sanakonze chilichonse mwa zimenezo. Oyilo wokhuthala amangoilimbitsa masiku oyamba, tiziphuthu ta chitsulo tochokera pobowola tili m'kati, ndipo posakhalitsa yadonthanso. Kuboola kapena kuwotcherera shoko ya gasi n'koopsanso kwa wochitayo. Ndimamvetsa chimene chimakankhira anthu kumeneko, mitengo ya zipangizo za galimoto ikupweteka aliyense. Koma strut ndi imene imagwira tayala lokhota ndi lomanga buleki, ndipo galimoto ya matola yanyamula ana a anthu. Oyilo amene tikukamba pano ndi wina kotheratu: insert sibooledwa, sitsegulidwa, imalowa m'paipi monga inatulukira m'katoni.

Pamene simuyenera kuthira

Mnyamata uja sananame. Pali ma insert amene safuna oyilo. KYB, kampani ya ku Japan imene mashoko ake amapezeka m'mashopu ambiri, imanena m'malangizo ake kuti m'paipi musathiridwe madzi, oyilo kapena chamadzimadzi chilichonse, chifukwa ma insert ake anapangidwa kuti azigwira ntchito ouma. Palinso mtundu wina wosiyana kapangidwe, monga ma insert ambiri a Bilstein ya ku Germany, amene ali ndi paipi imodzi ndipo anaikidwa chozondoka: chitsulo chonenepa chonyezimira chimene mukuchiona pamwamba ndilo thupi la shoko, shafiti yeniyeni ili pansi, yobisika. Thupi limenelo limatsetsereka pa mabushi opakidwa girisi, ndipo kumunsi kumafunika kuti mpweya uziyenda momasuka. Mukathiramo oyilo, amatha kulowa n'kusungunula girisiyo ndi kutsekereza malo amene shoko imafuna poyenda. Mtundu umenewu paipi yake izikhala youma. Chimodzimodzinso ma insert ena apadera oikidwa mwa kudula pamwamba pa strut yotsekeratu n'kuboola pansi kuti amangidwe ndi bawuti. Paipi yoboola pansi singasunge oyilo.

Choncho woweruza mlanduwu si mkulu wa pa galaja kapena mnyamata wake, koma kapepala kamene kali m'katoni ya insert. Kapepala kameneka kamakonda kutayidwa pamodzi ndi pulasitiki, osawerengedwa. Nthawi zambiri kalibe mawu ambiri, ndi zithunzi: kabotolo kakuthira m'paipi ndi nambala ya mamililita pambali, kapena kabotolo komweko katadulidwa ndi mtanda. Kakati thirani, thirani muyezo umene kanena. Kakaletsa, lekani, ndipo ngati mukuopa dzimbiri, tsukani paipi bwinobwino, iume, muonetsetse kuti labala wotchinga fumbi ndi madzi ali bwino.

Nanga katoni ikabwera yopanda pepala, monga zimachitikira kawirikawiri? Maganizo anga ndi awa. Ngati insert ndi ya mtundu wamba, wa mapaipi awiri m'kati mwake, shafiti yopyapyala ili pamwamba, thupi lake lotsekedwa konsekonse popanda bowo pansi, ndipo dzina la wopanga si la aja oletsa, ndiye oyilo pang'ono woyera sangaiwononge, ndipo pa misewu ndi nyengo ya kuno amathandiza. Ngati ndi yozondoka ija, musathire. Masiku ano lamya ili m'thumba, dzina ndi nambala ya insert zalembedwa pa thupi lake, ndipo kufufuza malangizo a wopanga pa intaneti kumatenga nthawi yochepa kuposa kumasulanso strut.

Muyezo

Apa ndi pamene ngakhale othira oyilo amalakwitsa kwambiri. Amathira ngati akudzaza giyabokosi. Muyezo umene umatchulidwa kawirikawiri ndi mamililita 30 mpaka 50 pa strut imodzi, ndiye kuti masipuni aakulu awiri kapena atatu, popeza sipuni yaikulu yoyezera ndi mamililita 15. Zikuoneka zochepa poyang'ana kukula kwa paipi, koma kumbukirani kuti pafupifupi malo onse atengedwa ndi insert. Tiyerekeze kuti paipi ndi ya mamilimita 46 m'mimba mwake, insert ndi ya mamilimita 44, ndipo kutalika ndi masentimita 35. Mpata wonse wotsala ndi pafupifupi mamililita 49. Paipiyo ikanakhala ya mamilimita 45, mpatawo ukanatsika kufika pafupifupi mamililita 24. Kusiyana kwa milimita imodzi kwadula muyezo pakati. Ndiye mamililita 50 amene akwanira bwino pa galimoto ina amasefukira pa inzake.

Njira yodalirika ndi kuyeza pa strut yomweyo. Imikani paipi chilili, thirani pang'ono, mwina mamililita 25, ndi jekeseni yopanda singano kapena kapu yoyezera. Lowetsani insert pang'onopang'ono mpaka ikhale pansi, muone pamene oyilo wafika. Ngati sakuoneka, tulutsani insert, chizindikiro cha kunyowa pa thupi lake chikuuzani. Cholinga n'chakuti oyilo akute mbali yaikulu ya thupi la insert koma alekeze masentimita angapo pansi pa mazinga a nati. Malo apamwambawo asiyidwe a mpweya, chifukwa oyilo akatentha amafufuma, pafupifupi magawo 7 pa 100 aliwonse kutentha kukakwera ndi madigiri 100. Akasowa kopita amatulukira m'mazinga.

Oyilo wosefukira amabweretsa mavuto amene munthu sangawaganizire poyamba. Amatsetsereka kunja kwa paipi, fumbi n'kumatirira, strut n'kumaoneka ngati shoko yatsopanoyo yaphulika. Mwini galimoto amabwerera ku shopu kukakangana kuti anamugulitsa chinthu chabodza, kapena woyeza galimoto pofuna COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) amaiona yonyowa n'kuikana. Choipa kwambiri n'chakuti strut yonyowa kale imabisa kudontha kwenikweni kukadzayamba. Ndipo oyilo akachuluka amatha kufika pafupi ndi mabuleki, kumene sakufunika ngakhale dontho.

Za mtundu wa oyilo sizovuta. Popeza sagwira ntchito m'mavalavu, safunika kukhala wapadera. Oyilo watsopano wa injini wopyapyala akwanira, ATF wa giyabokosi ya otomatiki akwaniranso. Amene sayenera ndi oyilo wakuda wokhetsedwa mu injini, chifukwa ali ndi zinyalala ndi asidi. Buleki fuluwidi ayi ndithu: amakoka chinyezi ndipo amasupula penti, ndiye mwaitana dzimbiri lomwe mumalithawa. Madzi okha ayi. Mafuta ophikira amawola n'kuchita phula. Girisi sayenda, amasiya mipata ya mpweya, ndipo akadzaza pansi amaletsa insert kukhala bwino.

Chimene chimaposa oyilo

Kunena zoona, pa ma insert amene amavuta atangoikidwa kumene, ochepa amavuta chifukwa cha oyilo. Ambiri amavuta chifukwa cha nati yaikulu ija. Natiyo ntchito yake si kutseka paipi, ndi kupanikiza insert kuti isasunthe. Iyenera kukhala pa phewa la insert n'kuikankhira pansi. Musanathire oyilo, yesani kaye zouma: lowetsani insert, mangani nati ndi manja. Ikalimba, pakati pa mutu wa nati ndi mlomo wa paipi payenera kutsala kampata, mazinga pang'ono akuonekabe. Kampata kameneko ndi umboni wakuti nati yagwira insert. Ikatsika mpaka kukhudza paipi, ndiye kuti yalimbira pa paipi, insert ili lende m'kati. Gwirani shafiti muikoke ndi kuikankha, mudzamva kugogoda. Pa msewu kugogoda kumeneko kumamveka pa kabampu kalikonse, ndipo anthu amasintha mabushi, ma ball joint ndi ma tie rod osapeza vuto. Mankhwala ake ndi washala kapena kachitsulo kokweza kamene kamabwera m'katoni, kapena kubweza insert ngati ndi ya galimoto ina. Kuthira oyilo wambiri kuti phokoso lizime n'kudzinamiza. Gwiritsani nati yatsopano imene yabwera ndi insert, chifukwa yakale inapangidwira zam'kati zakale, ndipo imangidwe mphamvu imene buku la galimoto kapena pepala lanena. Kumanga ndi tchizulo ndi nyundo kumaphwanya nati ndipo simudziwa pamene yafika.

Paipi nayo iyenera kukhala yoyera. Khuthulani oyilo wakale yense, onetsetsani kuti palibe chotsalira cha shoko yakale, monga valavu yapansi kapena labala wozungulira wapakamwa, tsukani ndi parafini, iume. Iunikeni ndi tochi. Mchenga wa kuno umalowa paliponse, ndipo kamwala kamodzi pansi pa paipi kamapendeketsa insert. Yang'ananinso ngati paipi sinapindike ndi ngozi yakale, ngati mbale yokhalira sipuling'i sinadyeke ndi dzimbiri, ndi ngati mazinga ali athunthu. Poipana pa vayisi, musafinye pakati pa paipi, mungaiphwatalitse insert n'kukana kulowa.

Insert ya mapaipi awiri imene yakhala chogona pa shelefu, muyiimike shafiti ili m'mwamba, muipope katatu kapena kanayi mpaka kumapeto, kuti mpweya ubwerere kumalo kwake, ndipo musaigonekenso mpaka italowa. Shafiti yonyezimirayo isagwidwe ndi pulayala kapena vayisi giripi pomanga nati ya pamwamba pa shafitiyo. Kachipsera kakang'ono kosaoneka bwino kamadula seal nthawi iliyonse shoko ikayenda, ndipo pakatha milungu insert yatsopano yadontha. Kumapeto kwa shafiti kumakhala pogwirira pake.

Sindingadumphe za sipuling'i. Pa strut imakhala yofinyidwa ndi mphamvu yokwana kuthyola nkhope kapena manja a munthu. Imachotsedwa ndi zopanira zake zachitsulo, ziwiri, moyang'anizana, ndipo nati yapakati yapamwamba simasulidwa sipuling'i isanapanidwe. Kumanga ndi waya, chingwe kapena linya la tayala, kapena kuuza mwana wophunzira ntchito kuti aipondere, ndi kuika moyo wa mwana wa mwini pachiswe. Galaja imene ilibe zopanira ibwereke.

Zotsala n'zodziwika, koma zimadumphidwa ndalama zikachepa. Ma insert amasinthidwa awiri, kumanzere ndi kumanja, chifukwa shoko yatsopano mbali imodzi ndi yotopa mbali inayo zimakokera galimoto pa buleki ndi pokhota. Labala wotchinga fumbi ndi labala woletsa shoko kugunda pansi, ngati ang'ambika, asinthidwe. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi insert, ndipo m'fumbi la Okutobala shafiti yosavala sikhalitsa. Bering'i ya pamwamba pa strut izunguliridwe ndi dzanja, ngati ikukhakhala isinthidwe pomwepo poti zonse zamasulidwa kale. Strut ikabwerera pa galimoto, matayala akayezedwe alayimenti, apo ayi adyeka mbali imodzi. Oyilo wakuda wotuluka m'paipi athiridwe m'chigubu pamodzi ndi wa injini, osati pansi kapena m'ngalande, chifukwa mvula ikagwa zonse za pa Boma zimatsikira mu Shire, ndipo Shire akulowa m'nyanja ya Malombe mmene anthu akuvuulamo ndiwo.

Inu eni galimoto, simufunika kudziwa kugwira sipanala kuti mutsate ntchitoyi. Pemphani kuona katoni ndi pepala lake. Funsani kuti, “Achimwene, m'paipimo mwathiramo chiyani, ndipo wochuluka bwanji?” Makanika wodziwa ntchito sakwiya ndi funso lotere, amakuonetsani. Pemphani kuti strut ipukutidwe iume isanabwerere pa galimoto, kuti mudzathe kuwerenga zimene zidzaoneke pambuyo pake.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto, kwezani labala uja muone. Ngati kunyowa kukuchokera m'mazinga, m'mbali mwa nati, pamene shafiti ndi pakati pa nati pali pouma, ameneyo ndi oyilo wathu uja, anachuluka. Pukutani, muonenso pakapita masiku, amasiya yekha akafika pa muyezo wake. Ngati shafiti yomweyo ikutuluka yonyowa, oyilo akusonkhana pamwamba pa nati mozungulira shafiti, ndipo mukapukuta akubwereranso, ndiye kuti seal ya insert yagonja, ndipo yofunika ndi insert ina. Mukadali pomwepo, ikani sipanala pa nati yaikuluyo ngati ikufikirika, muone ngati sinabwerere m'mbuyo, makamaka ngati m'masiku amenewo galimotoyo yapitako ku Makanjira kapena ku Katuli.